Mankhwala a Njuchi Kuchikamwini

Nditapuma pa ntchito yauphunzitsi ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga, kumapiri a ku Ntchisi, chakumtunda kwa Malomo. Zaka zonse zimene ndinkagwira choko tinkakhala m'nyumba za sukulu, choncho chikamwini ndinkangochimvera kwa anzanga. Ndinadzachilawa nditamera kale imvi. Apongozi anga onse awiri anali moyo, ndipo nyumba yathu tinaimanga pafupi kwambiri ndi yawo, moti wina akayetsemula uko ife kuno tinkachita kudziletsa kuti tisanene pepani.

Fodya ndinamuyesa chaka chimodzi, msana unakana. Ndiye ndinalowa kalabu ya alimi a njuchi ya m'dera mwathu, n'kukhometsa ming'oma isanu ndi umodzi yamatabwa, ija yaitali yokhala ndi timitengo toyalana pamwamba, toti ukatukula kamodzi umaona malesa ali lendelende kunsi kwake. Tsiku limene kalipentala anaibweretsa pangolo, apongozi aamuna anatuluka, anaiyang'ana itandandalika pabwalo, n'kuvula chipewa.

"Aphunzitsi, zovuta zagwa kuti? Anthu asanu ndi mmodzi tsiku limodzi?"

Ankadziwa bwinobwino kuti ndi ming'oma. Iwo anayamba kuweta njuchi ine ndikukwawa, m'ming'oma yamakungwa, ndipo pofula sankavala china koma malaya awo a masiku onse, muuni wa udzu uli m'manja. Kukwera mitengo anali atasiya, ming'oma yawo anaitsitsira pa mphanda zazifupi. Yanga ndinakaiika m'kankhalango ka misuku, kumtunda kwa dimba la apongozi aakazi.

Chaka chachiwiri, titangomaliza kufula uchi wa mu Juni, kukalabu kunabwera alangizi a za njuchi, mayi wachitsikana wa pa njinga yamoto. Anasankha ming'oma yanga kuti aphunzitsirepo, ndipo ine ndinaona ngati ndi ulemu. Anakokolera njuchi zodzaza kapu m'botolo lotsekedwa ndi kasefa, anathiramo shuga wosinja ngati ufa, n'kukhutchumula pang'onopang'ono. Atazondotsa botolo pa mbale yoyera, panagwa tinthu tofiirira ngati njere za chitowe, tina tikuyenda. Njuchi zija anazimasula zili mbuu ngati zachokera kuchigayo.

"Izi ndi nthata za njuchi," anatero alangiziwo. "Zimakakamira pa njuchi zikuluzikulu, koma zimaswerana m'zipinda za ana. Mwana akamatuluka, mapiko ali opinimbira. Njuchi zathu kuno nthawi zambiri zimathana nazo zokha, koma ming'oma iwiri iyi ya aphunzitsi yafooka, ndipo nthata zachulukamo."

Anthu onse anandicheukira ngati nthatazo zili m'mutu mwanga.

Kenako anatulutsa kapaketi ka mankhwala oyera onga mchere. Anati ndi asidi wa okizaliki. Anafotokoza kasakanizidwe kake kawiri, ine ndikulemba. Choyamba upange madzi a shuga, shuga ndi madzi mofanana. Pa lita imodzi ya madzi a shugawo uthiremo magalamu makumi atatu ndi asanu a asidi. Kenako ndi jekeseni yopanda singano udonthezere njuchi m'mipata ya pakati pa malesa, mamililita asanu pa mpata uliwonse, osapitirira mipata khumi pa mng'oma. Kamodzi kokha, nthawi yozizira, ana ali ochepa. M'manja magolovesi, m'maso magalasi. Osasakanizira m'poto wophikira, osasunga pafupi ndi chakudya.

"Mukachulutsa, mupha njuchi. Mukachepetsa, nthata zingomwa shuga wanu," anamaliza motero.

Panafunika munthu mmodzi wosakanizira kalabu yonse, popeza lita imodzi ikanakwanira tonse amene tinali ndi ming'oma yodwala. Anthu sanachedwe kusankha. Anati ntchito ya magalamu ndi ya aphunzitsi. Kunena zoona, zaka zanga zambiri ndinaphunzitsa sitandade 3, ndipo asidi ndinali ndisanamugwirepo chibadwire, koma ndinalandira paketiyo ndi manja awiri ngati satifiketi.

Kunyumba ndinalemba pa paketi mawu akuti POIZONI ndi zilembo zikuluzikulu, n'kujambulapo chibade cha munthu. Mkazi wanga anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Dzungu limeneli likutanthauza chiyani?"

Ndinaitsekera m'sutikesi ya makalata anga a ntchito, kiyi n'kumangirira pa lamba.

Vuto linali sikelo. Yopachika ija yoyezera fodya ndinaikolekera paketi yonse, muvi wake sunasunthe n'komwe. M'mawa mwake ndinapalasa njinga kutsikira pa Malomo. Wogulitsa nyama ya mbuzi anakana, anati akangoona anthu kuti pa sikelo yake paikidwa chinthu cholembedwa poizoni, mbuzi yonse adya yekha. Ndinapita kwa venda wina wogula soya, amene ndinamuphunzitsapo kalekale. Anaika paketi pa sikelo yake ya batire, ndipo inaonetsa ziro. Anaichotsa, anaiikanso, ziro yemweyo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunditengera pambali.

"Aphunzitsi, poti ndinu bambo anga, ndikuuzeni. Sikelo iyi imayamba kuona zinthu zikakwana kilo. Ndipo ngakhale zikakwana, musaikhulupirire kwambiri."

Ndinabwerera chimanjamanja, kukwera mtunda wonse ndikukankha njinga. Ndinapeza apongozi aamuna atakhala pa khonde pathu, akusenda bango. Nditawafotokozera, anapukusa mutu chifukwa cha mavuto odziyambitsa dala a anthu ophunzira.

"Feteleza timathira ndi chitsekerero cha botolo, chimanga n'kubereka. Thirani zitsekerero zitatu. Chachinayi muwonjezere chaulemu. Mankhwala osaluma sachiza."

"Zoona, bambo," ndinatero.

Mkamwini satsutsa apongozi pa khonde. Ine ndinali nditaphunzira kale njira yake: ukuvomera ndi mawu onse, mutu utaweramitsa, kenako osachita. Zaka ziwiri ndinali nditakhala nawo bwino kwambiri ndi mawu awiri amenewa.

Madzulo ake ndinakhala ndi pepala ndi pensulo, ndikuwerengera zinthu zosathandiza. Mkazi wanga ankakanda ufa wa mandasi ake ogulitsa. Anayankhula osandiyang'ana.

"Paja inu abambo munkakuwa m'kalasi muja kuti lita ya madzi imalemera kilo imodzi?"

"Sindinkakuwa. Ndinkaphunzitsa."

"Ine ndinkamvera kunyumba ndikuchapa. Chaka ndi chaka, mpaka ndinaloweza. Ndiye ngati zili choncho, kamzere kamodzi ka pa jekeseni yanuyo si galamu imodzi?"

Ndinanena kuti nanenso maganizo anga amalowera komweko.

Anasamba m'manja, anatenga hang'ala yawaya ya jekete langa ndi makapu awiri apulasitiki ofanana, anaboola makapuwo ndi msomali wamoto, n'kuwamangirira ndi ulusi kumapeto onse awiri. Hang'alayo anaipachika pa mtanda wa denga ndi chingwe, inalendewera mpaka inaima chilili, makapu ali pa mzere umodzi. M'kapu imodzi anathiramo madzi, jekeseni zisanu ndi ziwiri za mamililita asanu. Kapu inayo inali yanga. Ndinavala magolovesi, n'kumathiramo asidi ndi kasupuni kapulasitiki, pang'onopang'ono, mpaka hang'ala inawongokanso. Tinabwereza kachiwiri posinthanitsa mbali kuti titsimikize. Makapu awiriwo sanabwererenso kukhitchini. Pambuyo pake, pofotokozera a kalabu, ndinkanena kuti "tinapeza njira", ndipo palibe anandifunsa kuti ndinali ndi yani.

Tsiku losakaniza linali Loweruka la mu Julaye, mwera ukuwomba kuchokera m'mapiri, kozizira koti mano kuguguda. Mkazi wanga anandithamangitsa kukhitchini, anati zinthu zojambulidwa dzungu zikapangidwire kunja. Anandipatsa madzi ofunda m'chigubu, ine n'kukakhala kuseri kwa nyumba ndi ndowa yapulasitiki. Kusungunula shuga ndi magolovesi amphira si ntchito yophweka. Potsanulira m'botolo, madzi a shuga ena anatayikira pa maondo anga n'kutsetserekera m'miyendo ya buluku. Mwayi wake ndinali ndisanathiremo asidi. Ndinangopukuta ndi dzanja, osaganizapo kanthu. Kenako ndinathira asidi uja, ndinatseka botolo, n'kukhutchumula mpaka timibulu tonse tinasungunuka. Ndinaliyang'ana padzuwa, madzi ali mbee, ndipo ndinamva ngati ndine dokotala.

Chovala cha njuchi cha kalabu chinali chimodzi chokha, ndipo sabata imeneyo chinali kutsidya kwa phiri. Ndinadzipangira changa. Kumutu chipewa cha mlaza chokutidwa ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu. Kumtunda jekete lochindikala. Kumunsi buluku lomwe lija la shuga, la suti yanga yakale yauphunzitsi, la miyendo yotakasuka ngati matumba a fodya. Za m'maso ndinali nditabwereka kwa wowotcherera zitsulo wa pa Malomo magalasi ake akuda bii, poganiza kuti ngati amatchinga moto, asidi sangawavute. Nditawavala, dzuwa la m'mawa linaoneka ngati mwezi.

Apongozi aamuna anali akundidikira kale panjira, opanda nsapato, muuni ukufuka. Anati andithandiza kufukiza utsi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Aphunzitsi, miyendo ya bulukuyo mangani ndi luzi. Kukazizira njuchi zikagwa pansi siziuluka, zimakwawa. Ndipo zimakwawira m'mwamba."

"Zoona, bambo," ndinatero, n'kupitiriza ulendo.

Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake sindinamange. Luzi linalipo, mitengo ya mombo inali pomwepo. Ndikuganiza kuti pakamwa ndi m'makutu zinali zitazolowerana kale, mawuwo anangodutsa osaima.

Tinayambira pa ming'oma iwiri yodwala, koma alangizi anali atanena kuti popeza yonse ili pamodzi, ndithire yonse. Apongozi ankafukiza, ine n'kumatsegula timitengo, kukoka mankhwala mpaka pa kamzere kachisanu, kudontheza mumpata, kutseka, kupita mpata wina. Poti m'magalasi muja timizere sitinkaoneka, ndinkachita kuyandikiza jekeseni pamphuno. Apongozi ankangoyang'ana manja anga. Mng'oma woyamba unatha, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Njuchi zinkalira koma osati mwaukali. Zina zoledzera utsi zinkagwera m'udzu pafupi ndi mapazi anga. Ndinayamba kufotokozera apongozi mmene asidi amagwirira ntchito, kuti njuchi zikamakhudzana zimapakana mankhwala, nthata n'kumayoyoka. Mawu anga anabwerera mwakale, a kutsogolo kwa kalasi.

Pa mng'oma wachisanu ndinamva kanthu kakuyenda pa katumba ka mwendo wamanzere. Kenako kena kumanja. Kenako tambiri, tikukwera mosapupuluma ngati anthu opita kumsika. Fungo la shuga lija linali litaziitana, ndipo khomo linali lotsegula.

"Bambo," ndinanong'ona, "zalowa."

"Musagwedezeke," anatero apongozi. "Zikaona kuti kulibe maluwa zibwerera."

Ndinaima ngati chitsa, jekeseni ili m'mwamba. Zinadutsa bondo. Ndinayesa kuganiza za zinthu zina, ndinayamba kunena chamumtima mathebulo a seveni. Pa seveni kuchulukitsa ndi sikisi nsalu ya buluku inapanikiza imodzi kuseri kwa bondo, ndipo inandiluma. Mwendo unadzidzimuka wokha, zinzake zonse zinamva uthenga. Yachiwiri inaluma pantchafu. Yachitatu inaluma pamalo oti m'buku la sitandade 3 mulibe dzina lake.

Ndinapatsira apongozi jekeseni, kapena ndinangoitaya, sindikumbuka, n'kuliyatsa liwiro kutsetsereka. Munthu wa zaka zanga, wodwala msana, ndinalumpha mzere wa chinangwa osaukhudza. M'magalasi muja ndinkangoona mdima ndi zithunzi za mitengo. Nditaona chinthu chachikulu chobiriwira ndinadziwa kuti ndi phata la nthochi la m'mphepete mwa dimba, ndipo ndinazembera kuseri kwake. Pamenepo ulemu unali utatha. Ndinamasula lamba, ndinavula buluku lonse, n'kuyamba kulikuntha pa nthochi uku ndikupondaponda ngati wovina chimtali. Nditaona kuti zatha, ndinakweza neti n'kuchotsa magalasi kuti ndione pamene zandiluma.

Apongozi aakazi anali chiimire mapazi atatu kuchokera pamene ndinali, keni yothirira ili m'manja, madzi akutayikira pa mpiru.

Mayi amenewa ndi ine tinali titakhala zaka zoposa makumi atatu osayang'anana m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire kumanja, ine kumanzere, moni n'kumapatsirana chapatali, aliyense akuyang'ana mtengo wake. Mbale imene ndadyera ine sankaiona n'komwe. Tsopano ndinali pamaso pawo ndi jekete, magolovesi, chipewa cha neti, ndi kabudula wamkati amene mkazi wanga anali atanena kawiri konse kuti ndimutaye.

Anaika keni pansi mosamala. Anatembenuka n'kundipatsa msana, anagwada monga amachitira poyankhula ndi mkamwini, n'kuyamba kuyankhula ndi nthochi ina imene inali patsogolo pawo.

"Ine maso anga ndi okalamba, sindinaone kanthu. Koma wina awauze aphunzitsi kuti ina yatsalira kumbuyo, pa lasitiki."

Ndinaimenya. Inali itandiluma kale.

"Zikomo, mayi," ndinayankha, ndikuyang'ana nthochi yanga.

"Bulukulo asalivalenso, muli zina m'matumba."

Anamasula chitenje chapamwamba, poti m'nyengo yozizira ankavala ziwiri, n'kuchiponya chakumbuyo podutsitsa paphewa. Chinagwera pa mapazi anga. Anatola keni yawo, n'kumapita kuchitsime osacheuka, akuyenda pang'onopang'ono. Mapewa awo okha ndi amene ankagwedezeka.

Ndinafika kunyumba nditamanga chitenje cha apongozi m'chiuno, buluku ndalinyamula ndi kamtengo patsogolo ngati njoka yakufa. Mkazi wanga anali pakhomo akukazinga mandasi. Anachizindikira chitenjecho nthawi yomweyo, poti anawagulira yekha amayi ake. Anachotsa chiwaya pamoto, anakakhala pansi potsamira khoma, n'kuseka mpaka misozi. Atapezako mpweya anandichotsa mbola zisanu ndi imodzi ndi msana wa mpeni, akusekabe, moti ndinachita kumupempha kuti mpeniwo augwire bwino.

Ndili chigonere chafufumimba pa mphasa ndinakumbukira botolo. Ndinali nditalisiya kunkhalango ndi munthu wa zitsekerero zinayi, ming'oma iwiri isanathiridwe, wina uli chitsegukire. Ndinaona m'maganizo njuchi zanga zikusambira mu asidi. Ndinafuna kudzuka, koma thupi linakana.

Patapita kanthawi ndinamva kutsokomola pakhomo. Ndinadzifunditsa bulangete. Apongozi aamuna analowa, anaika botolo ndi jekeseni pafupi ndi mutu wanga, zonse zotsukidwa kunja kwake. Anali atakulunga manja m'majumbo a shuga.

"Ndamaliza iwiri ija, ndatseka."

Ndinayang'ana botolo. Ndinali nditalemba timizere m'mbali mwake, ndipo mankhwala anali atatsika ndendende mmene anayenera kutsikira.

"Munathira bwanji, bambo?"

"Mmene mumathirira inu. Kamzere kachisanu, mpata umodzi. Wachisanu uja munali mutathira mipata itatu, ine ndayambira wachinayi."

"Chaulemu simunawonjezere?"

"Njuchi za eni sawonjezera," anatero. Anayang'ana bulangete. "Luzi lija likanakuthandizani."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu anga awiri aja, koma ndinawameza. Ndinati, "Ndinalakwa, bambo." Anagwedeza mutu, n'kutuluka.

Masiku atatu ndinkayenda ngati munthu wokwera ng'ombe yosaoneka. Lamulungu kutchalitchi ndinakhalira mbali imodzi pa benchi, ndipo nyimbo iliyonse ndinkayamba kuimirira ndine. A kalabu atabwera kudzatenga gawo lawo la mankhwala ndinawathirira m'timabotolo nditaimirira, n'kuwalangiza mwamphamvu za kumanga miyendo ya buluku, osanena kumene ndinaphunzira. Sipanafunike kunena. Mmodzi anandifunsa ngati nthochi za kudimba zikubereka bwino chaka chino.

Nkhani ya apongozi aakazi inandisowetsa mtendere. Ndinauza mkazi wanga kuti pobweza chitenje atengenso tambala wathu wofiira, akapepese m'malo mwanga. Anapita, ndipo posakhalitsa anabwerera tambala ali kukhwapa.

"Akana. Akuti akalandira nkhuku ndiye kuti pali chimene anaona. Iwo sanaone kanthu, ndiye nkhuku ndi ya chiyani?"

M'dzanja lina anali ndi zingwe ziwiri zamphira, zodula ku chubu chakale cha njinga, zoyezedwa bwino kukula kwa akakolo a munthu wamkulu.

"Izi akuti anazitola panjira, mwina mwini wake ali kuno."

Pansi pa ming'oma ndinali nditayala mapepala oyera opaka mafuta ophikira, monga anatiuzira alangizi. Nditapita kukawaona patatha masiku angapo, akakolo ali omanga, ndinapeza a ming'oma iwiri yodwala ija ali waa ndi timadontho tofiira, nthata zoyoyoka. Ndinayamba kuwerenga ndi magalasi anga owerengera, koma ndinasokonezeka kawiri n'kusiya. Mng'oma umodzi unachira, pofika Okutobala njuchi zinali piringupiringu pakhomo pake. Winawo njuchi zake zinasamuka kutayamba kutentha, zinangosiya malesa ouma ndi mphemvu ziwiri. Kaya zinathawa nthata, kaya mankhwala, kaya ine, sizinanene. Mankhwala otsala anasanduka ofiirira m'botolo, ndipo ndinakawakwirira m'dzenje kutali ndi chitsime.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo, alangizi aja anabweranso ndi botolo lawo la kasefa. Anakhutchumula njuchi za mng'oma uliwonse, ife titazungulira mbale. Panagwa nthata imodzi apa, ziwiri apo, pena osagwa kanthu.

"Chaka chino musathire," anatero. "Zili bwino, zisiyeni zilimbane nazo zokha. Pokhapokha ngati aphunzitsi akufuna kuti tisakanizeko pang'ono, anthu atsopanowa aonere."

Ndinayankha kuti mankhwala si oseweretsa, ndipo ndinayankha msanga kwambiri moti alangiziwo anandiyang'ana kawiri asanapitirize phunziro.